Chikhodzodzo sichilindira bajeti

Inu a mu Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere na George, lero tikambe nkhani imene ambiri timaikamba monong'ona: nkhani ya mkodzo. Ee, mitundo yomweyo. Musaseke, ndipo musathamangire kukafuna nkhani za bola. Pafupi ndi pamene mukhala pali nyumba imene chitseko chake sichitseguka masana. Mkatimo muli munthu amene analeka kupita ku tchalitchi, analeka kugona pa maliro, anatuluka ngakhale mu chilimba cha azimai anzake. Ife timati wayamba kunyada, ena timati anamulodza. Iye akungoopa kudzinyowetsa pamaso panu, chifukwa chikhodzodzo chake chinaleka kumumvera.

Ena mwa anthu amenewa akudwala matenda otchedwa multiple sclerosis, mwachidule MS. Mu Chinyanja alibe dzina, choncho tiwafotokoze ndi chinthu chimene tonse tichidziwa. Mitsempha ya mu ubongo ndi ya mu msana ili ngati mawaya a malaiti, uliwonse ndi chokutira chake. Mwa munthu wa MS, chitetezo cha m'thupi, chimene nchito yake ndi kumenya tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kusenda chokutira chija. Amene munaonako waya wosendeka mudziwa mmene achitira: lero malaiti ayaka, mawa angophethira, mkuja azimiratu. Thupi nalo limatero. Diso limodzi lichita chifunga kwa masabata angapo, kenako liyera. Mwendo uchita dzanzi. Munthu ayenda dzandidzandi m'mawa weniweni, anthu n'kumati walawirira kachasu. Atopa ngati walima tsiku lonse pamene wangosesa pakhomo. Matendawa amakonda kuyamba munthu ali ndi zaka 20 mpaka 40, nthawi yeniyeni yolera ndi kusakira ana chakudya, ndipo akazi amagwidwa kuwirikiza kawiri kuposa amuna. Mu 2020 anawerengedwa anthu 2.8 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Sapatsirana, si HIV, si matenda a chiwerewere, ndipo ambuya anu a kumudzi musawanamizire, sakudziwapo kanthu.

Mwa odwala MS 10 alionse, pafupifupi 8 amavutika ndi chikhodzodzo pa nthawi ina. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu limene mwa munthu wamkulu limasunga mkodzo pafupifupi theka la lita. Pakhomo pake pali mnofu wina umene umatseka ngati pompi. Kuti munthu akodze bwino, thumba lifinye pompi ikutseguka, pa nthawi imodzi, ndipo lamulo la zimenezo limachokera ku ubongo kudzera mu msana. Waya ukasendeka, lamulo lifika lopotoka. Kwa ena thumba limangofinya lokha lisanadzaze, munthu asanafike n'komwe pa chitseko, ndipo usiku adzuka kasanu. Kwa ena thumba limachita ulesi, silifinya, mkodzo utsalira mkati mpaka usefukira wokha ngati dramu la pansi pa malata nthawi ya mvula. Kwa enanso thumba lifinya pompi nayo ikutseka, ziwirizo zikulimbana, ndipo mkodzo ungathe kubwerera m'mwamba ku impso.

Apa mvetserani bwino. Kunja, onsewa aoneka chimodzimodzi: chitenge chonyowa, matiresi onunkha. Koma mankhwala a woyamba angathe kuvulaza wachiwiri. Mapilisi monga oxybutynin amagoneka chikhodzodzo chopupuluma. Muwapatse munthu amene chake n'chaulesi kale, mwamutsekeratu. Mkodzo wotsalira ndi dambo la tizilombo, ndipo kwa munthu wa MS tizilombo ta m'njira ya mkodzo sitingobweretsa kuwawa pokodza. Timadzutsa zizindikiro zonse, miyendo imene inali kuyesako n'kufookeratu. N'chifukwa chake dokotala wabwino sachita zongoganizira. Amapima.

Kupima kwathunthu amakutcha urodynamics, ndipo mudziwe mmene kumayendera, chifukwa ambiri amathawa asanalowe n'komwe m'chipindamo. Amayamba aona ngati mu mkodzo mulibe tizilombo. Tikapezeka, akupatsani mankhwala n'kukuuzani tsiku lina. Pa tsikulo muyenera kufika chikhodzodzo chili ndi mkodzo. Mukodza mu chimbudzi chapadera cha makina, chimene chimalemba kuchuluka kwa mkodzo ndi liwiro lake. Mukatha, aika kamakina ka scan pansi pa mchombo kuona wotsala mkati. Kenako alowetsa kapaipi kowonda kwambiri m'njira ya mkodzo, ndi kena kakang'ono kumbuyo kotulukira chimbudzi, kuti asiyanitse mphamvu ya chikhodzodzo ndi mphamvu ya mimba. Pang'onopang'ono adzaza chikhodzodzo ndi madzi oyera amchere, inu mukuwauza: manje nayamba kumvela, manje nifuna kuyenda, manje siningakwanise. Akuuzani kutsokomola kuti aone ngati mudontha. Pomaliza mukodzanso timapaipi tili momwemo, kompyuta ikujambula mizere. Zonse zitenga theka la ola kapena ola lathunthu. Sikuwawa kwenikweni, ngakhale kumalasa pang'ono pokodza tsiku limenelo ndi lotsatira. Chimene chimawawa ndi manyazi: munthu wamkulu, mai wa ana, kukodza alendo ali pafupi. Muli ndi ufulu kupempha kuti akufundeni nsalu, kuti atseke chitseko, kuti ophunzira akachuluka ena atuluke, ndi kuti pakhale nesi wamkazi ngati ndinu mkazi.

Manje tiyeni tiuyende ulendo umenewu kuchokera kwathu kuno. Kupima kotere sikuchitika pa kiliniki ya George kapena ya Mtendere. Ndi nchito ya madokotala a urology m'zipatala zikuluzikulu. Kuti mufike kwa iwo muyamba pa kiliniki, iyo ikutumizani ku chipatala cha Matero, Kanyama kapena Chawama, icho chikulemberani kalata ya ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Kulikonse mzere, kulikonse tsiku la nchito latayika, ndipo wogulitsa tomato pa Soweto tsiku limene sanagulitse ana agona ndi tiyi. Pa mzere uliwonse anzake akufunsa kuti dokotala afika nthawi yanji, iye akufunsa mu mtima: toilet ili kuti, nikachokapo malo yanga bazanisungila?

Ndiye lifika tsiku lija la "bwerani chikhodzodzo chili chodzaza". Ganizani mai wa ku Kanyama amene akamva mkodzo ali ndi mphindi imodzi kapena ziwiri chabe. Akwera basi pa Los Angeles Road, anthu anayi pa mpando umodzi, maenje ndi mabampu, kondakita akuimika paliponse kuti basi idzaze. Atsika m'tauni, akoka mwendo pakati pa mabasi, akwera ina. Zimbudzi za m'tauni n'zolipira, ndipo akalowamo wataya chimene wadzera. Akapirira, adzinyowetsa mu basi, n'kumva mawu amene akondakita adziwa kukamba, anthu onse akutembenuka. Mukati afike msanga akamwere madzi ku chipatala komweko, ndiye kuti anyamuke kusanache n'kukakhala pa benchi kulindira dzina, pamene chikhodzodzo sichidziwa kuti pali mzere. Amene analemba langizo lija sanalakwe, ndi mmene kupimako kufunira. Mlandu uli ndi amene anaika chithandizo chonse kumapeto kwa mabasi awiri, anthu amene chimbudzi chawo chili mkati mwa ofesi ndipo kiyi ili m'thumba mwawo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku Ndeke House, kumene kukhala Unduna wa Zaumoyo, zioneka kuti palibe amene akumva m'mimba.

Yankho lawo tilidziwa kale: MS ni matenda ya bazungu, kuno ni yochepa, ndalama tiziika ku malungo na TB. N'zoona kuti kuno ndi ochepa poyerekeza ndi ku Canada kapena ku Scotland. Koma kuchepa kwina n'kwa kusawerenga. MS simuipeza ndi kugwira pamphumi. Pafunika dokotala wa mitsempha, makina a MRI, nthawi zina ndi kutunga madzi a mu msana. Dziko lino linayamba kuphunzitsa madokotala ake a mitsempha mu 2018, pa UTH, mothandizidwa ndi Dr Deanna Saylor wa ku Johns Hopkins. Zaka 54 chilandirire ufulu! Ana a kuno amene anatuluka m'maphunziro amenewo akugwira nchito yotamandika, ndipo atayamba kuyang'ana, odwala MS anayamba kupezeka, pamodzi ndi a matenda ofanana nawo otchedwa neuromyelitis optica, amene amapezeka mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Koma madokotalawo ndi ochepa maningi pa anthu 19.6 miliyoni a kalembera wa 2022. Amene sanafike kwa iwo sali m'buku lililonse. Ali m'nyumba zija zotseka zitseko, ndipo Unduna ukawerenga buku lake lopanda maina umati vuto kulibe.

Ndiponso pa benchi ija wa MS sakhala yekha. Pambali pake pali mnyamata amene anathyoka msana pa ngozi ya pamsewu, mwana wobadwa ndi msana wotseguka, atate amene TB inawalowa m'mafupa a msana, wina amene HIV inamuononga mitsempha, wa shuga, wa sitiroko. Onsewa chikhodzodzo chawo chimasokonezeka m'njira zomwezo, ndipo kwa a ngozi ya msana ndi ana aja impso zimafa msanga kuposa kwa a MS ngati palibe wopima. Impso zikafa, boma lomwelo limene linali kuona scan ngati yodula liyenera kupeza makina a dialysis kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wonse wa munthuyo. Ndani pamenepo akusunga ndalama?

Chimene chimatikwiyitsa n'chakuti mbali yaikulu ya nchitoyi sifuna makina a mamiliyoni. Odwala MS ambiri safunika n'komwe urodynamics yathunthu pa chiyambi. Mu 2009 madokotala a ku UK anagwirizana njira yachidule: pimani mkodzo ndi kapepala koviika, pimani wotsala mkati, ndipo ukapitirira 100 ml phunzitsani munthu kuuchotsa yekha ndi kapaipi. Ukachepera pamenepo, mapilisi angathandize. Kupima wotsalako kumatenga mphindi zochepa chabe. Makina a scan amene amapimira amai apakati angathe kuchita zimenezi, ndipo ngakhale popanda scan, nesi wokhala ndi kapaipi kamodzi ndi jagi ya manambala angadziwe. Zipatala za Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa ndi thandizo la boma la Japan kuti anthu aleke kuunjikana ku UTH. Nyumba zilipo. Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo opitirira 11,000, ndipo silileka kutikumbutsa. Chabwino, tamva. Pa 11,000 amenewo, ndi angati anaphunzitsidwa kukhala pansi ndi munthu wodzinyowetsa, kumupima ndi kumuonetsa kagwiritsidwe ka kapaipi? Tsiku limodzi pa sabata, chipinda chimodzi chotseka chitseko, nesi mmodzi pa chipatala chilichonse cha m'komboni. Zimenezi nazo zifuna chilolezo cha IMF?

Tinene kuti mai uja wapirira zonse, wapimidwa, dokotala wanena kuti mkodzo ukutsalira. Chithandizo chake n'chakale ndipo n'chabwino. Mu 1972 dokotala wa ku America, Jack Lapides, anaonetsa kuti munthu angathe kudzilowetsa kapaipi yekha kunyumba, kanayi kapena kupitirirapo pa tsiku, n'kukachotsa mkodzo ukatha, popanda zipangizo za ku opaleshoni. Chofunika ndi manja osamba ndi sopo, madzi oyera, kapaipi kaukhondo, ndi malo obisika owala. Njira imeneyi yapulumutsa impso za anthu ambiri, ndipo yawabwezera ku nchito, ku tchalitchi ndi ku maukwati awo.

Werenganinso zofunikazo muli m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Kanyama kapena ku George. Madzi oyera ali pa kiosk, pa mzere, m'chigubu cha malita 20 chimene munthu wa miyendo yofooka sanganyamule, ndiye alipire mwana wa aneba. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo malaiti akapita mapampu aima, pompi iuma. Malo obisika ndi chimbudzi cha dzenje chimodzi cha nyumba zonse za pa plot, chopanda pokhala, chopanda pogwira, chitseko cha saka kapena cha loko ya ba landlord, kuseri kwa nyumba, mumdima. Munthu wa miyendo ya dzanzi sanganyonyomale pa dzenje. Akayesa, agwa. Kanyama yakhala pa mwala wa laimu wa mphakomphako, madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa zimbudzi zisefukira, za m'dzenje n'kukumana ndi za m'chitsime. Mu 2022 anthu opitirira 500,000 anali kukhala mu constituency imeneyi. Munthu amene mwamuuza kulowetsa kapaipi m'thupi mwake kanayi pa tsiku, mukuti achitire pamenepo? Pepala la zotsatira za kupima likhala mu chikwama pamodzi ndi khadi la NRC, lokongola, lopanda nchito.

Kolera inatiuza kale zonsezi. Ya 2017 ndi 2018 inayambira ku Chipata compound ndi ku Kanyama. Ya 2023 ndi 2024 inadwalitsa anthu opitirira 20,000 n'kupha opitirira 700, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ana anakhala kunyumba mpaka February. Tinaona akuluakulu atavala magambuti pa TV, mathanki a madzi akuimikidwa, malonjezo akugwa ngati mvula. Mvula yeniyeni itatha, makamera anachoka. Wa kolera akachira abwerera ku moyo wake, koma wa chikhodzodzo chodwala amakumana ndi chimbudzi chomwecho ndi madzi omwewo tsiku lililonse, chilimwe ndi dzinja. Ena adzati mavutowa anayamba kale, boma ili linawapeza. Inde linawapeza, ndipo linapempha mpando likudziwa kuti alipo. Munthu wogwira pamimba pa khomo la chimbudzi chokhoma safunsa kuti loko anagula ndani. Afuna kiyi, ndipo kiyi ili ndi amene ali pampando lero.

Ndiye anthu amadzipezera njira zawo, ndipo njirazo n'zoopsa. Ambiri amaleka kumwa madzi. Munthu achoka m'mawa osamwa tiyi, tsiku lonse pakamwa pouma, kuti asafune chimbudzi. Mkodzo uchita wofiirira ndi waukali, ulasa chikhodzodzo n'kuchipupulumitsa koposa, tizilombo tichuluka, mimba idzimbidwa n'kupanikiza chikhodzodzo chomwecho. Onjezani kutentha kwa October pansi pa malata, pamene kutentha pakokha kumafooketsa munthu wa MS. Ena amagula mapampasi a akuluakulu, paketi imodzi n'kudya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo. Amene sangakwanitse ang'amba zitenge zakale n'kumazichapa usiku kuti aneba asazione pa chingwe. Ena amathera kwa ba papa ndi madzi awo a m'mabotolo. Pemphero palibe akuliletsa, koma munthu amakagula madzi odalitsa chifukwa wogulitsayo ndi yekhayo amene sanamuuze kuti "mubwele mwezi wa mawa". Ndipo banja limagwedezeka. Mwamuna ayamba kugona pa mpando, achibale ake ayamba kunong'ona, alangizi aitanidwa kudzalangiza munthu amene afunika scan.

Atiuza kuti ndalama kulibe. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Bajeti zathu za 2023, 2024 ndi 2025 zinangozungulira pa 10 mpaka 12. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, n'kupitirira K30 miliyoni mu 2024, ndipo amaiimba pa msonkhano uliwonse. Funsani ba khansala anu: pa ndalama zimenezo, ndi zimbudzi zingati zokhala ndi mpando, chogwirira ndi pompi zimene zamangidwa pa msika, pa siteshoni ndi pa kiliniki ya mu ward muno? Chimbudzi chilibe ulemerero. Palibe amene afuna chithunzi chake akudula riboni pa khomo la toilet, n'chifukwa chake chimakhala kumapeto kwa mndandanda.

Ndipo zimene zimagulidwazo zimafika? Mu 2024 tinamva za makontena 61 a mankhwala ndi zipangizo za chipatala amene anakhala miyezi pa depoti ya eni ake mu Lusaka muno, odwala akupatsidwa kapepala kuti akagule ku chemist. Mu May 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake likudula madola 50 miliyoni pa chaka a thandizo la mankhwala, chifukwa mankhwala opatsidwa ulere anali kubedwa n'kumagulitsidwa m'masitolo a mankhwala. Amenewo anali a HIV, malungo ndi TB, amene ali ndi owayang'anira m'maiko ambiri. Ngati ma ARV amasowa panjira maso onse ali pomwepo, kapaipi ka mai wa ku Chawama, kamene palibe wa kunja amakawerenga, kadzafika?

Mu July 2023 bungwe la WHO linaika koyamba mankhwala a MS pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri: rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate. Amenewa ndi amene amachedwetsa matendawo kuti asasende mawaya ena. Rituximab si mlendo, madokotala a khansa akhala akuigwiritsa nchito zaka zambiri. Unduna utiuze poyera ngati wodwala MS wa ku Kalingalinga angailandire popanda banja kugulitsa plot. Utiuze makina a MRI a boma angati akusebenza lero, makina opimira chikhodzodzo ali m'zipatala ziti, ndipo munthu alindira miyezi ingati. ZAMMSA itiuze timapaipi tingati tochotsera mkodzo inatumiza ku Kanyama, Matero ndi Chawama chaka chatha, ndipo tiperekedwe ulere monga mmene makondomu amaperekedwera. NHIMA imadula 1 peresenti pa malipiro a wanchito ndi 1 ina kwa abwana ake. Nanga amene alibe payslip, amene anasiya kugulitsa chifukwa sangakhale pa msika maola atatu osadzinyowetsa, alipira ndi chiyani?

Lamulo liliko. Persons with Disabilities Act ya 2012 imaona ulemala pamodzi ndi zopinga za pamalo pamene munthu akhala, ndipo chimbudzi cha dzenje chopanda pogwira ndi chopinga chenicheni. Bungwe la ZAPD liliko. Pa Social Cash Transfer, nyumba imene muli munthu wolumala kwambiri imalandira kuwirikiza. Koma ulemala wa MS n'wobisala. Lero munthu ayenda, mawa agona. Ndodo alibe, njinga alibe, ndipo vuto lake lalikulu lili pansi pa chitenge, pamene sangalionetse komiti. Olemba maina amuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kuti "imwe muli chabe bwino". Kuti atsutse afunika pepala la dokotala, ndipo pepalalo lili kumapeto kwa mabasi awiri aja.

Inu amene mukuwerenga muli ndi vutoli, kapena mukusamala amene ali nalo, musaleke kumwa madzi. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, muchepetse madzulo, ndipo muchepetse tiyi wamphamvu, khofi, zakumwa za gasi ndi mowa. Tengani buku la mwana la kusukulu, kwa masiku atatu lembani nthawi imene mwamwa, nthawi imene mwakodza, kuchuluka kwake, ndi pamene mwadzinyowetsa. Botolo lodula pakamwa lingakhale muyeso. Buku limenelo dokotala aliyense wa chikhodzodzo amalilemekeza, ndipo limakukambirani zimene pakamwa pangachite nazo manyazi. Asanakupatseni mapilisi oletsa kukodza pafupipafupi, funsani mwaulemu: ba dokota, mwanipima mitundo yosala mukati? Mukamva kutentha thupi, kuwawa m'mbali mwa msana, mukaona mkodzo wa matope kapena wa magazi, miyendo ikafooka mwadzidzidzi, kapena mkodzo ukakaniratu kutuluka, musalindire tsiku la review. Pitani tsiku lomwelo.

Ndipo inu ena muli bwino lero. Ba landlord, kiyi ya chimbudzi sidula, mudulitseni yake ya iye yekha. Ba kondakita, munthu akati niseluka pano pamene, imikani, musafunse chifukwa. Azimai a mu chilimba, kagogodeni pa chitseko chija mutanyamula chigubu cha madzi. Ndipo Ward Development Committee ikakhala pansi kusankha za CDF, mukakhalepo. Mukaimirire n'kutchula mawu akuti chimbudzi mokweza, chokhala ndi mpando, chogwirira ndi pompi, chaulere kwa odwala ndi olumala, pa msika ndi pa siteshoni, ndi scan ya chikhodzodzo pa chipatala cha m'dera mwanu. Ena adzaseka. Muuzeni mlembi alembe m'maminitsi, ndipo mujambule pepalalo ndi foni musanachoke.